Mpweya Umene Anandikaniza

Lachitatu, 5 Novembala

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi lachinayi kuchokera pakhomo, pafupi ndi windo losatseguka. Mwana wanga wamkazi wandibweretsera buku langa la miyeso, lija ndimalembamo chiuno ndi mapewa a makasitomala, ati ndizilemba kumasamba akumbuyo kuti ndisamangoyang'ana kudenga. Kulankhula kukundipweteka, m'kamwa monse muli zilonda mpaka kummero, ndiye cholembera chindilankhulire.

Ndilembe zimene zinachitika, poti aliyense akundifunsa ndipo aliyense akumva zake. Lolemba masana ndinali pamakina, kusoka mayunifolomu a sukulu, madiresi makumi atatu ofunika Lachisanu. Ndinali ndi chimfine, mphuno zotsekeka. Ludzu litandigwira ndinatambasula dzanja pawindo, pamene ndimaika chakumwa changa masiku onse, maso ali pa singano. Linali botolo la chakumwa ndithu, chipepala chake chilipo. Koma munali mankhwala ophera udzu. Amuna anga amasamalira bwalo la sukulu ina, ndipo mankhwala akatsala kuntchito amawathira m'mabotolo a zakumwa kuti adzapopere kuseri kwa nyumba. Zaka zonsezi amawaika pamwamba pa kabati. Lolemba anawaika pawindo langa chifukwa foni yawo inaitana.

Ndinalavula, koma kena kanatsika. Bambowo anati, "Mwalavula, palibe kanthu, imwani mkaka." Ndinamwa mkaka, ndinasanza, n'kubwerera pamakina, chifukwa mayunifolomu sadzisoka okha. Tabwera lero, patapita masiku awiri. Adokotala atamva zimenezi anatsinzina pang'ono. Ine ndasoka zaka makumi awiri ndi zisanu, ndimaidziwa nkhope ya munthu amene wapatsidwa nsalu yodulidwa kale molakwika.

Lachinayi, 6 Novembala

Tsiku la muno limayamba ndi ndowa. Okolopa amalowa, kenako anamwino ndi kachipangizo kopana chala, kenako tiyi amene sindingamwe. Kachipangizoko kamaonetsa nambala ya mpweya m'magazi. Yanga lero ndi 97. Ati ndi yabwino, ndizilemba tsiku lililonse.

Atenga magazi kawiri. Mkodzo anauthira mankhwala ena n'kusanduka wabuluu, ophunzira udokotala anayi n'kuunjikana kudzaona. Adokotala anga ndi mayi wamfupi wa magalasi, wocheperapo kwa ine ndi zaka zambiri. Ati buluuyo ndiye kuti poizoni analowa m'magazi. Impso zavulala, ndiye andiika diripi, mabotolo anayi patsiku, ndipo mkodzo wonse uziyezedwa. Jakisoni wa m'mawa ndi woletsa kutupa. Mankhwala ena a m'diripi amanunkha mazira owola. Chimfine chasankha kutha lero kuti ndilimve bwino fungolo, chonsecho Lolemba chinakanirira.

Namwino wamkulu wamata pepala kumutu kwa bedi langa, malemba ofiira: ASAPATSIDWE OKOSIJENI. Yunifolomu yake ndi yothina m'khwapa, amene anaisoka sanasiye mpata.

Mnzanga wa bedi lachisanu ali ndi timapaipi m'mphuno, makina ake a mpweya akulira tsiku lonse pambali panga. Anaphika zaka makumi atatu m'khitchini ya utsi pa fakitale ina, mapapo anatopa, koma pakamwa sipanatope. Ndawapatsa dzina loti a Wailesi. Awerenga pepala langa n'kuti, "Asisi, munawalakwira chiyani anthuwa?"

Lachisanu, 7 Novembala

96. Impso chimodzimodzi. Ayamba mankhwala ena amphamvu, masiku awiri, ofooketsa asilikali a m'thupi kuti asawonjezere kutupa m'mapapo. Ati tsitsi lingathothoke.

Kwabwera mayi wina wa uphungu, mawu ofewa ngati akuopa kudzutsa mwana. Wakoka katani n'kufunsa ngati kunyumba kuli mtendere, ngati ndinaganizapo zodzichotsa moyo. Ndinamulembera papepala kuti munthu wofuna kufa sabwerera pamakina kukamaliza makolala. Anaseka pang'ono, n'kulemba zake.

Sindimuda, ndi ntchito yake. Amene andipsetsa mtima ndi alamu anga, achemwali awo a bambo a kunyumba. Afika ndi mpunga ndi nyama, chonsecho akudziwa kuti ngakhale madzi ndikumeza ndi misozi. Adya okha pampando uku akundinong'oneza, "Alamu, kaya munayambana chiyani, zinthu timakambirana." Ndiye kuti kubanja kwawo nkhani yafika yoti ndinamwa dala. Ndinayang'ana bambo kuti akonze. Iwo anati, "Ayi, ndi ngozi, botolo linapezeka pawindo." Za amene analiika pamenepo sananene, ndipo alamu sanafunse.

Mayunifolomu amayenera kupita lero. Mwana wakawapereka kwa telala wina, uja amasoka mipendero yokhota.

Loweruka, 8 Novembala

96. Ndameza phala lamadzimadzi, masupuni asanu.

Lero ndawagwira dzanja adokotala kuti asadutse. Ndati, "Adokotala, safunsa anadya phula. Pepalali ndi la chiyani?" Anauza ophunzira kuti atsogole, iwo n'kutsala. Ndilemba monga ndamvera.

Ati thupi lonse ndi tizipinda ting'onoting'ono, amati maselo. M'selo iliyonse chakudya chimapsa ndi mpweya kuti tipeze mphamvu, ndipo popsapo pamatuluka tinthu tolusa timene timadya selo m'kati, monga dzimbiri limadyera chitsulo. Izi zimachitika mwa aliyense, tsiku lililonse. Dzimbiri likakhala lochepa, ndi lomwelo limene limadzutsa selo kuti ikonze m'nyumba. Imatola zonse zowonongeka, imazikulunga m'kathumba, imazigaya, zotsalazo n'kumangira zatsopano. Selo imadya zake zomwe kuti ikhale ndi moyo. Ndati zimenezo ndikuzidziwa, nanenso ndimaphwasula diresi lakutha kuti ndipeze zipi ndi zigamba. Anati, "Eya, n'zomwezo."

"Nanga vuto lili pati?"

Ati poizoni amene ndinamwa amakonda mapapo, amakakhala m'menemo. Mpweya ukafika, iye amausandutsa dzimbiri lija, ndipo iye satha, amangobwereza. Dzimbiri likaposa mphamvu ya selo, timatumba timadzaza osagayika, kapena selo imaphwasula ndi zabwino zomwe mpaka kudzimaliza. Pamene maselo afa pamabwera chipsera, ndipo chipsera sichipuma. Mpweya wamba umene tonse tikupumawu ukumudyetsa kale poizoniyo. Wa m'makina ndi wamphamvu kuposa.

"Tikakupatsani, mayi, mumva bwino ola limenelo, koma tikhala tikuthira palafini pamoto."

Ndafunsa kuti ndiye tichita chiyani. Ati tidikira. Poizoni atuluke ndi mkodzo, maselo apeze mpata wosesa. Mapapo akapirira masabata atatu kuchokera tsiku lomwera, chiyembekezo chilipo. Ndawerenga pa zala, zagwera Lolemba, 24 Novembala.

Ndachita mantha, ndisaname. Ana anga onse awiri ndinawalera ndi mawu akuti tsegulani mawindo mulowe mpweya.

Lamulungu, 9 Novembala

95. Alendo khumi ndi mmodzi. Amayi a kutchalitchi aimba nyimbo ziwiri, a Wailesi n'kulowerera ndi timapaipi tawo, mawu kuposa onse. Nthochi, malalanje, mabanzi, zonse zathera kwa iwo ndi mdzukulu wawo wowadwazika. Mwana wanga wamwamuna waimba foni kuchokera kumene amagwira ntchito, ati tchuthi amukaniza. Ndamuuza kuti asavutike.

Ndayesa kuwafotokozera bambo za dzimbiri. Amamvetsera akugwedeza mwendo. Nditamaliza anati, "Mayi, inu munamvapo kuti mpweya wapha munthu? Akusungira anthu awo amenewa." Alamu anavomereza, ati m'chipatala ukakhala chete umafa chete. Bambo ananyamuka kupita kutebulo la anamwino, ndinkawamva ndili pano. Munthu amene sanawerenge chenjezo pa chigubu cha mankhwala lero akuphunzitsa anamwino ntchito.

Ndikuwadziwa bambowa, zaka makumi awiri ndi zitatu si masewera. Akalakwa sapepesa, amagwira ntchito. Anaswapo galasi langa loyezera makasitomala, sananene kanthu, m'mawa mwake ndinapeza apenta khonde lonse. Tsopano akusaka chochita chachikulu chofanana ndi kulakwa kwawo, ndipo maso awo agwera pa makina a a Wailesi.

Lolemba, 10 Novembala

95. Lero tsiku la dokotala wamkulu, bambo wamtali woyenda ndi gulu. Aima pabedi langa mphindi khumi, kukamba za ine ngati ndapita kumsika. Amalankhula za m'mabuku, koma adokotala anga ananditanthauzira pambuyo. Ati anafunsa ophunzira ngati dzimbiri la m'maselo ndi mdani kapena bwenzi. Wina anati mdani, wina bwenzi. Iye anati onse alephera, yankho ndi muyeso. Ndiye kuti sukulu zaka zonsezo n'kudzafika pa chinthu chimene telala aliyense amachidziwa.

Alamu atumiza timapaketi ta ufa wobiriwira, togula kwa mnzawo, tolembedwa kuti timatsuka poizoni yense m'thupi. Adokotala anawerenga n'kubweza. Ati ngakhale mankhwala ochotsa dzimbiri ali ndi malire. Ukalichotseratu lonse, selo imasowa choidzutsa, imasiya kusesa. "Amene akufunika tikuwapatsa kale, ndi aja onunkha aja."

Bambo anaponya timapaketi m'thumba. "Ichi ayi, icho ayi. Ndiye ife tizingoonerera?"

"Eya, bambo," anatero adokotala. "Ntchito yanu ndi imeneyo, ndipo ndikudziwa kuti ndi yovuta."

Adokotala anaganiza kuti amvana. Ine ndinaona mwendo ukugwedera.

Lachiwiri, 11 Novembala

95. Nkhani yabwino. Impso zayamba kubwerera, mkodzo wachuluka, diripi atsitsa kufika mabotolo awiri. Zilonda zikuuma, ndadya dzira lofewa lathunthu. Mwana anavina m'khonde mpaka okolopa anamukalipira. Bambo auza abale onse pafoni kuti ndachira.

Adokotala sanavine. Ati impso zimatsogola, mapapo amabwera pambuyo mwakachetechete. Andijambula pachifuwa. Pali kamtambo pansi, mbali ya kumanja.

Lachitatu, 12 Novembala

93. Kupita kubafa ndi kubwera ndaima kawiri kugwira khoma. Chifuwa chouma, chosatulutsa kanthu.

A Wailesi andiuza mbiri ya amuna awo atatu. Woyamba chidakwa, wachiwiri waulesi, wachitatu anaphatikiza zonse. Ati, "Inu asisi muli ndi mwayi, anu amabwera ndi kawiri patsiku." Ndinafuna kuseka, chifuwa chinakana.

Tsitsi layamba kutsalira pa pilo. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Lachinayi, 13 Novembala

92. Ndinali ndekha pamene adokotala amadutsa, ndiye ndafunsa chimene chakhala chikundidya.

"Pepalali mudzalichotsa liti?"

Anapukuta magalasi nthawi yaitali. "Njira ndi ziwiri, mayi. Mukachira, mudzatuluka muno osaufuna n'komwe. Tikadzakupatsani muli pabedi pano, ndiye kuti taona kuti mapapo sabwereranso, ndipo chotsala n'choti musavutike."

Ndawathokoza posandizungulira. Ndawapempha kuti zimenezi asauze bambo kapena ana. Ati ndi ufulu wanga.

Tsopano ndikudziwa. Makinawo ali apa, ndikhoza kuwakhudza ndi dzanja, tsiku lonse akundiimbira m'khutu. Ndipo ine ndizipemphera kuti asandipatse.

Lachisanu, 14 Novembala

91 m'mawa.

Ndilemba izi chifukwa bukuli ndi langa, ndipo m'buku muno sindinalembemo bodza ngakhale kasitomala atandipempha kuti ndimuchepetse chiuno.

Nthawi ya alendo masana, anamwino onse anathamangira ku bedi lakumapeto kumene mayi wina anakomoka. Bambo anakoka katani ngati akufuna kundisintha zovala, n'kuizungulitsa mpaka bedi la a Wailesi. Anali atapangana kale. A Wailesi anavula timapaipi tawo, anatipukuta ndi nsalu n'kupatsira. "Pumaniko asisi, si wa bambo awo mpweyawu. Ine ndikupeza bwino, ndikhoza kudikira. Chaona mnzako chapita." Bambo anandiveka m'mphuno, n'kupotokola kachitsulo ka makina mpaka kumapeto.

Ndinkadziwa. Palibe wodwala m'wodi muno amene ankadziwa kuposa ine. Dzanja langa linanyamuka kuti lichotse, linafika pachibwano, n'kubwerera. Anthu inu, kukoma kwake. Mutu unayera, mapewa anatsika, ndinamvanso zala zakuphazi. Ndinati mphindi zisanu zokha. Chinatichotsa ndi belu lotulutsa alendo.

Bambo anatuluka akumwetulira, koyamba chigonekereni ine.

Loweruka, 15 Novembala

91. Masana tachitanso. Ndinakana kamodzi, kukana kwa ulemu, monga mlendo amakanira chakudya uku akusamba m'manja.

Lamulungu, 16 Novembala

90. Tachitanso. Akachotsa, kubanika kumabwera kwakukulu kuposa poyamba. Ndikudana ndi katani iyi, ndikudana ndi bambo, ndipo kuyambira m'mawa ndimakhala ndikuyang'ana wotchi kuti afika liti.

Adokotala sabwera Lamulungu. Ndasangalala nazo, ndipo ndachita manyazi kuti ndasangalala.

Lolemba, 17 Novembala

89. Atigwira.

Namwino wamkulu anakoka katani kudzasintha diripi. Sanakalipe. Anandivula timapaipi, anabwezera mwini wake, anabweza kachitsulo pamalo pake, n'kukaitana adokotala.

"Kangati?" anafunsa adokotala.

Bambo anaimirira. "Inu mukanawapatsa, ife tikanaba? Munthu akubanika, inu n'kumayenda ndi mapepala."

Ine ndinakweza zala zinayi. Adokotala anawafulatira bambo. Anayang'ana ine, n'kuti motsitsa, "Mayi, inu ndinakuuzani." Ndikanakonda akanandimenya mbama.

Andisamutsira ku bedi la pakona, kutali ndi makina alionse. Andijambulanso. Mtambo wafika mbali zonse ziwiri.

Dzuwa litapendeka adokotala anadutsanso, ndinafunsa, "Ndi zimene tachitazi?"

"Sitingadziwe, mayi. Mwina zikanafika pomwepa ngakhale popanda zimenezo. Mwina ayi."

Ndimafuna andiuze kuti inde kuti ndidziwe woti ndimude, kapena ayi kuti ndigone. Andisiya ndi zonse ziwiri.

Lachiwiri, 18 Novembala

88. Bambo aloledwa kulowa, koma katani isakokedwe. Abwera ndi msuzi m'kabotolo, chivundikiro atachimanga ndi pulasitiki kuti usatayike. Anakhala pampando mutu uli pansi, ndinaganiza kuti mwina lero lituluka liwu lija ndakhala ndikulidikira. Anati, "Mwaona? Chichotsereni mpweya uja nambala ikungotsika."

Mawu ndinali nawo. Ndawasanja masiku onsewa, ndikudziwa poyambira ndi pothera. Ndinakoka mpweya kuti ndiyambe, unangokwanira "Bambo, inu," basi chifuwa. Anandisisita pamsana mpaka chinatha, n'kuti, "Musalankhule, ndikumva." Palibe chimene akumva.

Choipa n'chakuti amandikonda. Akanakhala munthu wankhanza ndikanadziwa powaika. Awonda, lamba amuboola kabowo kena ndi msomali. Msuzi aphika okha, mchere wachuluka. Ndamwa masupuni atatu.

Lachitatu, 19 Novembala

88. Kubafa sindikupitanso, andisambitsa pabedi. Mapilo atatu, kugona chogona n'kosatheka. Kuchokera pakona pano ndikuona denga la khitchini ndi zovala za odwala zili pachingwe.

Atsala masiku asanu.

Lachinayi, 20 Novembala

87. A Wailesi atuluka. Abwera kudzatsanzika atavala diresi la maluwa, lalikulu m'mapewa, matenda anawadya. Aima paphazi la bedi osayankhula, chinthu chimene sindinachionepo. Kenako anati, "Asisi, ine ndimati ndikuthandiza. Pepani." Ndinawagwira dzanja. Mwa atatu tonse, iwo ndiye a mlandu wochepa, ndipo ndi okhawo amene apepesa.

Andisiyira sopo ndi kapu. M'wodi mwangoti zii.

Lachisanu, 21 Novembala

86. Mwana wandimanga kansalu kumutu, tsitsi latsala la apa ndi apo. Wafunsa, "Amayi, Lolemba masabata atatu akwana eti? Ndiye basi, mwawoloka?" Ndagwedeza mutu, atenge mmene angatengere.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sadziwa kuika zipi. Ndinkati ndidzamuphunzitsa akamaliza sukulu. Pakadafunda padajiwitsa galu.

Loweruka, 22 Novembala

85. Makina ojambula abwera nawo pabedi. Adokotala anayang'ana chithunzi pawindo, sanaitane ophunzira.

Ndalemba za zipi patsamba lina. Zanditengera m'mawa wonse.

Lamulungu, 23 Novembala

84. Zikhadabo zada. Amayi a kutchalitchi anabwera, anaimba. Nyimbo sindikuikumbuka.

Mawa.

Lolemba, 24 Novembala

82 m'mawa.

Malemba awongokanso, dzanja silikunjenjemera. Timapaipi tili m'mphuno.

Adokotala anabwera okha, tiyi asanadutse. Anakhala pabedi, chinthu chimene sanachitepo. Ati mbali zonse zayera, chipsera chatenga malo, maselo osesa aja palibenso pamene angasese. Mankhwala achita zimene akanatha. "Mayi, takuzunzani kokwanira. Lero tikupatsani, ngati inu mukulola." Anafunsa ngati ndikukumbuka zimene tinakambirana. Ndinagwedeza mutu. Ndinafunsa ndi zala kuti masiku angati. Ati ochepa, mwina sabata, ndipo andipatsanso mankhwala oti ndisamamve kubanika.

Ndinaganiza zokana, kuti ndipirire tsiku lina limodzi. Koma kupirirako kunalibenso kopita. Ndinalola.

Namwino wamkulu anamatula pepala lofiira, analipinda bwinobwino n'kuliika m'thumba. Anandiveka yekha, n'kundikonzera kumbuyo kwa makutu kuti tisanditupitse. Ndaulirira masiku onsewa mpweya umenewu. Walira mvula walira matope.

Nambala yakwera kufika 90. Ndadya phala mbale yonse, ndapempha tiyi.

Bambo anafika masana. Anaima pakati pa wodi, anaona timapaipi, thumba la chakudya linawagwa m'manja. Anathamangira kwa namwino n'kumugwira dzanja ndi manja awiri. "Zikomo amayi, zikomo, Mulungu akudalitseni. Zonse ndinalankhula zija mundikhululukire." Namwino anayang'ana ine. Ine ndinayang'ana kudenga.

Kenako anabwera kudzagwada pambali pa bedi. "Mayi, masabata atatu akwana, mwapambana. Taonani nkhope yabwerera. Ndinanena ine kuti chimene mukusowa ndi mpweya." Anaimbira alamu pomwepo. "Atimvera achemwali, atimvera. Uzani onse." Anaimbiranso mwana wathu wamwamuna, ati asadzavutikenso ndi tchuthi, adzationere kunyumba.

Ndipo ine kwa nthawi yoyamba ndinali ndi mpweya wokwanira kunena zonse, kuyambira poyambira mpaka pothera, n'kuwonjezera tanthauzo la timapaipiti. Anali pomwepo atagwada, ndevu zosameta, mabatani a malaya atamanga mophonya. Ndinamasula batani limodzilimodzi n'kuwamangira bwino. Ndinati, "Eya bambo, munanena."

Mwana wathu wamwamuna ndamulembera ndekha uthenga pa foni ya namwino, kuti anyamuke lero lomwe.

Bambo achoka belu lisanalire, ati akachape zofunda, ndikafike m'nyumba mwaukhondo. Amayenda ngati mnyamata.

Adokotala adutsanso, afunsa ngati iwo auze bambo zoona zake kapena ndiwauza ndekha. Ndati awauze mawa, ana onse ali pomwepo, ine ndikumva. Afunsa chifukwa chiyani osati lero. Sindikudziwa ngati ndi chifundo kapena nkhanza, ndipo ndilibe nthawi yofufuza. Lero asangalale. Masiku owatsalira iwo ndi ambiri, ndipo adzawasenza okha.